Chigoli cha a Obed

Kuchokera ku Dowa Boma mpaka ku Kasakula, palibe wokonda mpira amene sankawadziwa a Obed Kamanula a m'mudzi wa Katsache, ndipo palibenso amene angaimirire lero n'kulumbira kuti anawaonapo akugoletsa chigoli. Pali anthu amene mpira umawakonda wokha. A Obed ankaukonda mpira ndi mtima wonse, mpirawo n'kumawakana pamaso pa anthu, chaka ndi chaka, osachita nazo manyazi. Akati amenye ndi mwendo wamanja, unkawadutsa kumanzere. Akati audumphire ndi mutu, unkawapeza pamphuno. Koma mukanawamva akufotokoza masewero a dzulo ali m'chigafa akusoka fodya, manja ali m'mwamba, masamba ali mbwee pansi, mukanati bamboyu ndithu anasewerapo mpira waukulu ku Lilongwe.

Mwana wawo woyamba, Faines, amene amaphunzitsa sukulu ya pulayimale kufupi ndi Mtengowanthenga, ndiye anabwera ndi thupi lawo kumudzi, atamwalirira kuchipatala cha kumeneko. Njira yonse, galimoto ikukwera ndi kutsika mapiri, Faines misozi inakana kutuluka. Mtima wake unali pa chinthu chimodzi. Bambo ake anamwalira ali oyimitsidwa kumpingo, ndipo kwa Katsache munthu akafa ali woyimitsidwa, mpingo suyimba pamaliro ake. Amapita kumanda chinunu, kumangomveka mapazi. Munthu waphokoso ngati a Obed apite chinunu! Zimenezi zinkamuwawa Faines kuposa imfa yeniyeniyo.

Koma tiyambe ndi penate, chifukwa nkhani ya a Obed siyendetseka popanda penate ija.

Ali mnyamata, timu ya kwa Katsache, imene imatchedwa Mavu, inafika mu ndime yomaliza ya chikho cha m'deralo, kukumana ndi anyamata a ku Kasakula. Wosewera wina anatsegula m'mimba m'mawa wake, ndipo posowa wina anawalowetsa a Obed. Masewero atatsala pang'ono kutha, palibe amene wagoletsa, woyimbira analoza pakadontho. Penate ya Mavu! Akatswiri onse aja anayamba kuyang'ana zala zawo zakuphazi. A Obed ndiwo anatola mpira. Pagolo panali mnyamata wamtali wa zikhatho ngati lichero, dzina lake Abrahamu. A Obed anabwerera m'mbuyo mpaka anthu anaganiza kuti akuthawa, kenaka anathamanga n'kumenya, ndipo kwa kanthawi kamodzi kokha pamoyo wawo wonse, mpira unawamvera. Unalunjika pakona penipeni, pamene kangaude amamanga nyumba. Amayi anali atayamba kale nthungululu. Koma goloboyi uja anauluka n'kuukankha ndi nsonga za zala, ndipo chikho chinapita ku Kasakula.

Dziko ndi lozungulira. A Abrahamu omwewo anadzakwatira kwa Katsache, n'kukhala mkamwini, kenaka mkulu wa mpingo, ndipo pamapeto pake bwenzi lapamtima la munthu amene anamumana chigoli. Mpaka imvi zinamera, moni wawo unali umodzimodzi.

"Goloboyi," a Obed ankatero akakumana pamsika, "mudzandibwezera liti chigoli changa?"

"Kamenyeninso, achimwene," a Abrahamu ankayankha. "Ndigwiranso."

Ataona kuti miyendo yawakana, a Obed sanausiye mpira. Anangosintha pougwirira. Kwa Katsache kulibe malo athyathyathya, nkhuku ikaikira dzira pabwalo limakapezeka kudambo. Iwo anasankha kamtunda kamene kali kumunsi kwa tchalitchi, m'mbali mwa njira yopita kumanda, n'kuyamba kukasalaza ndi khasu. Chaka chilichonse akangogulitsa fodya, anzawo akupita kukapumulira kumowa, iwo ankakumba dothi kumtunda n'kumakalithira kumunsi. Bwalolo silinawongoke mpaka lero. Mavu akapata mwayi wosankha, amayamba ndi kukwera chitunda adakali ndi mphamvu, kuti chigawo chachiwiri azitsetsereka alendo atatopa, ndipo nzeru imeneyi inali ya a Obed. Mitengo ya golo inali ya bulugama, yopanda ukonde. Chiswe chikadya, ankadula ina.

Mizere ya bwalo ankaijambula ndi phulusa. Loweruka m'mawa ankayenda khomo ndi khomo ndi chidebe, kupempha phulusa ngati munthu wopempha mchere, ndipo amayi a m'mudzi anazolowera kuwasungira. Tsiku lina phulusa linawathera asanalembe kadontho ka penate ndi mzere wa pakati. Analowa m'nyumba mwakachetechete n'kutapa ufa woyera wa akazi awo, a Manesi. Mizere inaoneka bwino kwambiri tsiku limenelo, mpaka nkhuku za m'mudzi wonse zinazindikira. Matimu akulowa m'bwalo, nkhuku zinali zitandanda pamzere wa pakati zikujompha. A Manesi sanawalankhule mpaka Lachitatu.

Faines anakulira m'mbali mwa bwalo limenelo. Ana ena ankaberekedwa kupita kudimba, iye ankakwezedwa pa njinga, kutsogolo wailesi itamangidwa ndi mphira, kupita kukaonera mpira ku Kasakula. Atasinkhuka, bambo ake anamupatsa kansalu kofiira kuti azikweza mpira ukatuluka, anyamata akudandaula kuti ntchito imeneyi si ya atsikana. "Mtsikanayu maso ali nawo," a Obed ankatero, "inu muli ndi pakamwa pokha." Anazikanso milongoti iwiri kuseri kwa sukulu n'kumangirira zitsulo za mawilo a njinga, kuti atsikana nawonso azisewera wamanja. Amayi ambiri amene lero amavala zoyera kumpingo, ena ali ndi zidzukulu, anathamangitsidwapo ndi wezulo wa a Obed.

Pa ukwati wa Faines anamuchititsa manyazi amene sadzawaiwala. Timu ya dziko inkasewera masana omwewo. Iwo anakhala pampando wa makolo, suti ili bwinobwino, kachingwe ka foni katabisika m'kolala mpaka kukhutu. Pamene ankhoswe ankapereka malangizo kwa akwati, holo yonse ili zii, bambo a mkwatibwi anadzambatuka n'kukuwa kuti, "Chalowa!" Ankhoswe anaiwala pamene analekezera. Faines anaweramitsa mutu pansi pa velo, kulira kukumufuna, kuseka kukumufunanso, ndipo kuseka ndiko kunapambana.

Munthu yemweyu ndiye analinso besi ya mpingo wa kwa Katsache. Akatsegula pakamwa m'tchalitchi, malata ankanjenjemera. Ndiye mlandu wawo unawawa anthu ambiri.

Unayamba ndi mvula. Masewero omaliza a chikho anayenera kuchitika Loweruka, koma kunagwa chimvula, ndipo okonza anawasunthira Lamulungu. Lamulungu limenelo linali la Mgonero, mapemphero otalika. Woyimbira wochokera ku boma sanafike, minibasi itafera panjira. Matimu anadikira, ochemerera anayamba kutukwanizana, ena n'kumatola miyala. Stefano, kaputeni wa Mavu, anakwera kutchalitchi n'kusuzumira pazenera, akukodola ndi maso. A Obed anatsokomola. Anatsokomolanso, atagwira pachifuwa ngati munthu wotsamwa, n'kutuluka mwaulemu. Sipanapite nthawi, abusa ali pakati pa ulaliki, kumunsi kunamveka pyeee! Panalibe wofunsa kuti wezulo ameneyo ndi wa yani. Anyamata a kwaya anayamba kudwala chifuwa mmodzimmodzi, mpaka benchi yawo inatsala yokha.

Akulu a mpingo anawaitanitsa, ndipo wotsogolera bwalolo anali a Abrahamu. Chigamulo chinali chakuti ayambe aima pa Mgonero kufikira ataimirira pamaso pa mpingo, kupepesa, ndi kulonjeza kuti sadzaimbanso wezulo pa Sabata.

"Kupepesa ndipepesa ngakhale pompano," a Obed anatero. "Ndinalakwa kutsokomola chifuwa chimene ndinalibe. Koma ana aja akanaphana. Ndipo kulonjeza, akuluakulu, ndikalonjeza lero ndinama m'nyumba ya Mulungu. Dikirani ligi ithe."

Ligi inatha, chikho china chinayamba. Chimenecho chitatha, sukulu zinayamba zawo. Kutchalitchi sanasiye, ankakhala kumbuyo kwenikweni n'kumayimba besi kuposa kale. A Manesi anawachenjeza mpaka pakamwa panauma. "Bambo a Faines, zengerezu adalinda kwawukwawu. Pitani mukathane nazo." Iwo ankangoti mawa. Koma chakudza sichiyimba ng'oma. Masana ena akuyenda ndi chidebe cha phulusa anagwa pakati pa bwalo, mbali imodzi ya thupi itauma. Faines anabwera kudzawatengera kuchipatala cha kufupi ndi kumene amakhala. Atagonekedwa, lilime likulemera, anapisa dzanja pansi pa pilo n'kutulutsa wezulo wachitsulo uja, wakuda ndi ukalamba.

"Sunga iwe," anatero. "Usampatse Stefano. Amakondera."

Amenewo ndiwo anali mawu awo omaliza omveka bwino.

M'mawa wa tsiku loika maliro, Faines anapita kwa a Abrahamu. Anawapeza atakhala pakhonde, jekete atavala kale, tiyi atazizira m'kapu. Anagwada patali pang'ono.

"Bambo, ndabwera kudzapempha. Nyimbo imodzi yokha. Munthu uja wayimbira maliro a mudzi wonse uno."

A Abrahamu anapukusa mutu. "Mwana wanga, ukuganiza kuti ine ndagona? Ndinamupempha. Ndinapita kwawo, ndinamutsatira kubwalo, ndinamuuza kuti Obed, tangonena mawu awiri okha. Koma lamulo ndi lamulo. Tinawakaniza ena, ana awo alipo ndipo abwera pamaliro pano. Ndikalola lero adzati chifukwa anali mnzake."

"Ndiye apite ngati nkhuku yofa ndi chitopa?"

"Pemphero likhalapo, ndi mawu pang'ono. Nyimbo ayi." 

Faines anadzuka mtima uli chithupsa. Pobwerera anadzera kumtunda kwa bwalo, ndipo chimene anaona chinamuwonjezera mkwiyo. Mizere yonse inali yojambulidwa mwatsopano, yoyera mbee, kadontho ka penate kali poonekera. Wina anali atawola phulusa la moto wa pasiwa n'kudzathira pano. Maliro ali m'nyumba, anthu akuganiza kale za mpira wa Loweruka! Analumbira mumtima kuti akathana ndi Stefano zonse zikatha.

Koma anthu amene anabwera tsiku limenelo! Kwa Katsache sikunaonekepo chinamtindi chotero. Malole ochokera ku Kasakula, minibasi yodzaza thothotho kuchokera ku Dowa Boma, njinga zamoto zikungofika zitatenga atatuatatu, ena wapansi kudutsa m'mapiri. Kunabwera madoda a mimba zawo atadzipanikiza m'majezi akalekale amene a Obed anawagawira ali anyamata, manambala atafufutika. Kunabwera matimu amene Mavu akhala akumenyana nawo zibakera kuyambira kalekale. Amayi a mpingo anabwera onse, koma opanda zoyera zawo, atangofunda zitenje, ndipo anakhala pansi milomo itatsekedwa ngati anawasoka. Pemphero linachitika, mawu pang'ono ananenedwa. Kenaka adzukulu analowa m'nyumba n'kutulutsa bokosi.

Tsono kwathu kuno bokosi likangotuluka pakhomo, mwini wake ndi adzukulu, anthu amene amakumba manda ndi kunyamula maliro. Akati tiime, mumaima. Akati tidzere uku, mumadzera komweko, ndipo ngakhale mkulu wotani sawatsutsa pagulu. Adzukulu a tsiku limenelo anali Mavu, akale ndi atsopano, wotsogolera ali Stefano. Nkhanga zinali zitapangana kusanapse, koma Faines sanadziwe kanthu.

Ulendo unayamba. Khamu lonse lija, ndipo chomveka chinali mapazi okha ndi kusisima kwa a Manesi, amene Faines anawagwira mkono. Amuna ankalandirana bokosi phewa ndi phewa, mwakachetechete. Faines anatchera khutu. Apa ndi pamene bambo ake akanayambitsa nyimbo, besi ija n'kudzaza chigwa chonse. Anapisa dzanja m'chitenje n'kufumbata wezulo kuti asakomoke.

Atafika pamene njira imalambalala bwalo, bokosi silinalambalale. Linakhota n'kulowa. Anthu anayang'anana. Adzukulu anadutsa mzere wa phulusa, natsika chitunda chija pang'onopang'ono, kulunjika golo lakumunsi, limene kuseri kwake njira ya kumanda imadutsa. Khamu linabalalika lokha m'mbali mwa mizere, aliyense pamene amaima masiku onse, a Kasakula uku, a Katsache uko. Pakadontho ka penate bokosi linaima, lili pamapewa.

Pamenepo anthu anaona a Abrahamu akutuluka m'gulu la akulu a mpingo, akuyenda mofulumira, jekete ikuuluka. Kunamveka manong'onong'o. Basi, akawabweza.  Nkhalamba ija inadutsa adzukulu osawayang'ana, inafika pagolo, inatembenuka n'kuima pakati penipeni pa mitengo iwiri ija. Inavula chipewa n'kuchiika pansi, Baibulo pamwamba pake. Kenaka inapinda mawondo, n'kutambasula zikhatho zija ngati lichero.

 Palibe amene ankadziwa ngati akutseka njira kapena akuchita chiyani.

Stefano anatembenuza mutu, bokosi lili paphewa, thukuta lili kamukamu, n'kuyang'ana Faines.

"Achemwali," anatero mokweza, "popanda wezulo sitingamenye."

Faines anayang'ana kumene kunaima akulu a mpingo. Iye, mphunzitsi, mayi wa mpingo, mwana wamasiye amene ayenera kuweramitsa mutu, aimbe wezulo pamaliro a bambo ake, akulu onse akuona? Mawa akaitanidwa nayenso. Anayang'ana amayi ake. A Manesi, amene wezulo ameneyu anawasowetsa mtendere moyo wawo wonse, anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

"Ukudikira chiyani?" anatero. "Imba, mwanawe. Bambo ako aima nthawi yaitali."

Faines anauika pakamwa. Unkanunkhabe fodya wa m'chigafa. Anakoka mpweya wonse umene anali nawo, ndipo pyeee uja anamveka mpaka kutchalitchi, n'kubwerera kuchokera kuphiri.

Adzukulu ananyamuka. Sanathamange, maliro sathamangitsa, koma anayenda ndi mphamvu, mapazi akugunda pamodzi, bokosi likulunjika kudzanja lamanja la goloboyi, pakona yomwe ija ya kalekale. A Abrahamu analiyang'anitsitsa likubwera. Anasendera kumanja pang'ono, anthu n'kugwira mpweya. Ndiye mwadzidzidzi, ndi mafupa awo okalambawo, anadziponya kumanzere, khu! m'fumbi, jekete ndi tayi zonse. Bokosi linadutsa pakati pa mitengo ya bulugama.

"Chigoooli!"

Amene anayamba sakudziwika, chifukwa chinatuluka pakamwa pa anthu onse nthawi imodzi. Nthungululu zinang'amba mlengalenga. Madoda a majezi othina aja ankadumpha atakumbatirana, misozi ili chuchuchu. A Kasakula, amene chikho chija anachitenga, ndiwo ankakuwa kuposa onse. Zipewa zinauluka, agalu anathawira kudambo. A Manesi anakweza manja onse awiri akuseka ndi kulira pamodzi, akuti, "Agoletsa! Bambo a Faines agoletsa!" Ndipo Faines, amene maso anali ouma kuchokera kuchipatala, analira tsopano ngati kamwana, wezulo akadali m'dzanja.

Phokoso litayamba kutsika, a Abrahamu anali akadali pansi. Anyamata awiri anathamanga kukawadzutsa, koma iwo anawakankha. Anagwada okha, fumbi lili mbuu kumaso, natola Baibulo lawo. Mkulu mnzawo, a Luke, anawayandikira n'kuwanong'oneza, koma ambiri anamva.

"A Abrahamu, mukudziwa kuti zimenezi zikafika kubwalo la akulu a mpingo?"

"Zikafike," anayankha. "Ndikakhala pa benchi yakumbuyo ija. Malo alipo tsopano."

Atatero anatsegula pakamwa n'kuyambitsa nyimbo ya m'buku, imene a Obed ankaikonda kuyimba poperekeza anzawo. Mawu awo anali okalamba, osasa ndi fumbi, ndipo mzere woyamba anauyimba okhaokha. Pa mzere wachiwiri amayi a mpingo anailandira, milomo ija itamasuka, kenaka kwaya, kenaka Mavu, kenaka anthu a maboma awiri, odziwa mawu ndi osadziwa omwe. A Luke anayang'ana uku ndi uku, n'kuyamba kuyimba nawo chapansipansi.

Bokosi linalowanso m'njira ya kumanda, nyimbo ili patsogolo ndi pambuyo. Faines ankayimba akumvetsera, monga ankachitira kuyambira ali mwana, kuti amve pamene besi ya bambo ake ilowere. Pamalo pamenepo panali mpata. Anagwira mkono wa amayi ake n'kuyimba mokweza, mpaka anafika nawo kumanda.